Vietnam mu 1945: Kodi Ajapani ndi amene anabweretsa ufulu?

Muwerengi wina watumiza imelo ya mafunso awiri olumikizana. Akuti anamva kuti dziko la Vietnam linalengeza ufulu wodzilamulira pa 2 Seputembala 1945, patangopita masabata awiri ndi theka Japan atagonja pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ndiye akufunsa kuti, kodi Ajapani ndi amene anamasula dzikolo m'manja mwa Afalansa monga amanenera ena? Nanga ngati ufulu unapezeka chaka chimenecho, zinatheka bwanji kuti anthu omwewo amenyanenso ndi France mpaka 1954?

Mwafunsa bwino. Ajapani sanapite ku Vietnam kukamasula munthu. Kwa zaka zinayi ndi theka anadyera mbale imodzi ndi atsamunda achifalansa, ndipo mlimi wa mpunga ndiye ankapereka ndiwo. Chimene anachita pomaliza, pofuna kudzipulumutsa okha, ndi kugwetsa boma la atsamunda usiku umodzi mu Malichi 1945. Kuchokera pamenepo mpaka Seputembala dziko linakhala ngati munda wopanda mwini, njala ili pakati pake, ndipo gulu limene linali litakonzeka kuposa ena onse ndi limene linautenga. Tsatanetsatane wake ndi amene akuyankha funso lanu lachiwiri.

Tiyambe ndi mmene Afalansa anagawira dzikolo, chifukwa kagawidweka kadzabwereranso kumapeto. Analowa ndi mfuti pa doko la Da Nang mu 1858, n'kulanda Saigon chaka chotsatira. Pofika 1887 anali atamanga chimene ankachitcha Indochina, ndipo Vietnam anamudula patatu. Kummwera kunali Cochinchina, yolamulidwa mwachindunji kuchokera ku Saigon. Pakati panali Annam, kumpoto Tonkin, ndipo zigawo ziwirizi ankazitcha zotetezedwa, mawu omwewo amene Angerezi ankanena za Nyasaland. Mfumu yachivietnam inatsalabe pampando mumzinda wa Hue, koma yolamula papepala chabe. Cambodia ndi Laos anali mu mtolo womwewo, pansi pa bwanamkubwa mmodzi.

Mu Juni 1940 France anagonja kwa Germany. Ajapani, omwe anali pankhondo ndi China kuyambira 1937, anaona mpata. Chinkawapweteka kwambiri ndi njanji yochokera pa doko la Haiphong kupita ku Kunming, yomwe inkanyamula mafuta ndi katundu wa asilikali a mtsogoleri wa China, Chiang Kai-shek. Bwanamkubwa Georges Catroux anavomera kuitseka, boma latsopano la France, lotchedwa la Vichy, linamuchotsa, n'kuikapo mkulu wa asilikali apamadzi Jean Decoux. Nayenso analibe pothawira. Pa 22 Seputembala 1940 Afalansa anasaina pangano lolola asilikali 6,000 a Japan kukhala ku Tonkin ndi kugwiritsa ntchito mabwalo a ndege. Usiku womwewo gulu lina la Ajapani linalowa kuchokera ku China n'kuthira nkhondo pa Lang Son, ngati kuti palibe chomwe chasainidwa. Patapita masiku ochepa Afalansa a pamenepo anagonja, anthu akumudzi akuona.

Mu Julayi 1941 Ajapani anatsikira kummwera, ndipo apa ndi pamene America anatseka chuma cha Japan ndi kuleka kumugulitsa mafuta, chinthu chimene chinafulumizitsa Japan kukaphulitsa doko la asilikali a America la Pearl Harbor. Ndege zimene zinamiza sitima ziwiri zankhondo za Angerezi, Prince of Wales ndi Repulse, pa 10 Disembala 1941, zinanyamukira kummwera kwa Indochina.

Mungadabwe kuti bwanji Ajapani sanathamangitse Afalansa nthawi yomweyo, monga anachitira ndi Angerezi ku Malaya kapena Adatchi ku Indonesia. Chifukwa chake n'chakuti kunali kutchipa. Boma la Vichy linali pansi pa Germany, bwenzi la Japan. Afalansa anali kale ndi apolisi, makalaliki, otolera msonkho ndi ndende. Ajapani anangowasiya apitirize ntchito, iwo n'kumatenga mpunga, chimanga, labala ndi malasha, kuphatikizapo ndalama zodyetsera asilikali awo, zomwe banki ya Banque de l'Indochine inkangosindikiza. Ndalama ya piastre inayamba kutha mphamvu kuyambira pamenepo. Magulu a Avietnam amene anayembekezera kuti Japan awathandiza, monga a chipembedzo cha Cao Dai ndi otsatira kalonga Cuong De yemwe ankakhala ku Tokyo, anapatsidwa malonjezo ndi chitetezo chapang'ono basi. Achikomyunizimu ataukira ku Cochinchina mu Novembala 1940, Afalansa anawaphwanya ndi ndege ndi mfuti, Ajapani ali chete. Chipanicho kummwera chinatsala mafupa okhaokha kwa zaka zingapo.

Decoux nayenso anachita chinthu chimene chinadzamutembenukira. Poopa kuti achinyamata akopeka ndi Japan, anayambitsa gulu lalikulu la masewera ndi maphunziro a thupi, anatsegula mipata yambiri ya ntchito za boma kwa Avietnam, n'kulola kuti anthu azitamanda ngwazi zawo zakale. Anaphunzitsa achinyamata masauzande ambirimbiri kuyenda pamzere ndi kumvera mtsogoleri. Mu 1945 ambiri a iwo anayenda pamzere womwewo atanyamula mbendera ina.

Tsopano Viet Minh. Kumayambiriro a 1941 munthu amene dziko linadzamudziwa kuti Ho Chi Minh anabwerera kwawo patatha zaka 30 ali kunja, n'kukhala m'phanga la Pac Bo m'chigawo cha Cao Bang, pafupi ndi malire a China. Mu Meyi chaka chomwecho atsogoleri a chipani cha chikomyunizimu anakumana kumeneko n'kukhazikitsa mgwirizano wa Viet Minh. Chimene anagwirizana pamsonkhanowo ndi chofunika kuchimvetsa. Anaika pambali nkhani yolanda minda ya eni malo olemera, n'kuika patsogolo nkhani imodzi yokha, ufulu wa dziko, kuti mwini munda, mphunzitsi, wansembe ndi mlimi waganyu onse alowemo. Anakonza timagulu ta alimi, ta amayi, ta achinyamata, ta okalamba, mudzi ndi mudzi, makamaka pakati pa mitundu ya kumapiri ya Tay ndi Nung. Ntchitoyi inayenda pang'onopang'ono. Ho mwiniwake anamangidwa ku China mu Ogasiti 1942 n'kukhala m'ndende kupitirira chaka. Gulu loyamba lankhondo limene Vo Nguyen Giap, yemwe kale anali mphunzitsi wa mbiri yakale, analikhazikitsa pa 22 Disembala 1944 linali la anthu 34 okha, ndipo mfuti zawo zina zinali zagogodera. Musaiwale chiwerengero chimenechi, chifukwa kunali kutatsala miyezi isanu ndi itatu yokha kuti Hanoi agwe.

Chimene chinasintha zinthu ndi njala, ndipo apa ndiyenera kuchedwapo.

Chigwa cha kumatsiriro a mtsinje wa Red River, kumpoto, chinali chodzaza anthu moti ngakhale chaka chabwino mpunga unkangokwana. Alimi kumeneko amakolola kawiri, cha m'Meyi kapena Juni ndi cha m'Novembala, ndipo zokolola za Novembala ndi zimene zimayenera kuwafikitsa ku zinazo. Zikaperewera, mpunga unkachokera kummwera, kuchigwa cha Mekong, pa sitima yapamtunda kapena yapamadzi. Nkhondo inadula zonsezi chimodzichimodzi.

Choyamba, boma la atsamunda linalamula kuti mudzi uliwonse uzigulitsa mpunga ku boma molingana ndi kukula kwa minda yake, pa mtengo woikidwa ndi bomalo, womwe unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa pamsika. Mlimi amene sanakolole zokwanira ankakagula pamsika modula kuti akagulitse ku boma motchipa. Mpungawo unkapita m'nkhokwe za Afalansa ndi za Ajapani. Wina unkatumizidwa ku Japan, pafupifupi matani 1 miliyoni pachaka mu 1942 ndi 1943, ngakhale kuti wambiri mwa umenewu unkachokera kummwera. Chachiwiri, alimi anakakamizidwa kubzala mbewu zothandiza nkhondo: jute, yomwe luzi lake amasokera masaka, thonje, mtedza ndi nsatsi zoyengera mafuta a makina. Minda imene inkabala chimanga ndi mbatata, zakudya zopulumukirapo mpunga ukatha, inachepa. Chachitatu, kumapeto a 1944 anamondwe anawomba motsatizana, madzi n'kumiza mbewu ya Novembala, kenaka kunabwera chisanu choopsa. Koma mlingo wa mpunga wopereka ku boma sunatsike molingana ndi kuchepa kwa zokolola. Amalonda ataona mitengo ikukwera anabisa umene anali nawo.

Chachinayi ndi chimene chimawawa kwambiri. Kummwera mpunga unalipo wambiri. Koma ndege za America zinali zitaphwanya milatho ya njanji ya Saigon ndi Hanoi, ndipo sitima zoyenda m'mphepete mwa nyanja zinkamizidwa. Malo ochepa amene anatsala pa sitima ankayamba apatsidwa katundu wa asilikali. Malasha a ku Tonkin analephera kutsikira kummwera, choncho ku Saigon mpunga ankausonkhezera m'makina opangira magetsi, wina n'kuutcheza ngati kachasu kuti ukhale mafuta a galimoto. Dziko limodzi, mbali ina akuwotcha mpunga, mbali ina anthu akudya mizu ya nthochi ndi gaga.

Pofika Febuluwale ndi Malichi 1945 anthu a m'zigawo za Thai Binh ndi Nam Dinh anali atasiya midzi, akuyenda m'misewu yopita ku Hanoi ndi Haiphong. Ngolo zinkazungulira m'mawa uliwonse mumzinda kutola mitembo, n'kukaikwirira m'maenje aakulu atathira laimu. Ho Chi Minh anadzanena kuti anafa anthu oposa 2 miliyoni. Akuluakulu achifalansa anatchula ziwerengero zotsika kwambiri. Akatswiri ambiri a mbiri yakale amaima pafupi ndi 1 miliyoni, kutanthauza munthu mmodzi mwa khumi alionse m'dera lokhudzidwalo, m'miyezi yochepa chabe.

Njalayo ili pachimake, Ajapani anatembenukira anzawo. Paris anali atamasulidwa mu Ogasiti 1944, boma la Vichy kulibenso, ndipo mtsogoleri watsopano wa France, Charles de Gaulle, anali mdani wa Japan. Asilikali achifalansa ku Indochina anali kukonzekera mobisa kuukira, koma chinsinsi chawo chinkakambidwa poyera moti apolisi ankhondo a Japan otchedwa Kempeitai ankadziwa zonse. America anali atafika ku Philippines, ndipo pa 12 Januwale 1945 ndege zake zinamiza sitima zambiri m'mphepete mwa Indochina. Ajapani anaganiza kuti adani atsikira pagombe, Afalansa n'kuwabaya kumsana. Madzulo a 9 Malichi, cha m'ma 7 koloko, kazembe Matsumoto anapatsa Decoux maola awiri kuti aike asilikali ake onse pansi pa ulamuliro wa Japan. Decoux anazengereza. Nthawi itakwana, makampu a Afalansa anazingidwa m'dziko lonse, ndipo ambiri anagonja pasanathe masiku awiri. Ku Lang Son mkulu wa asilikali Lemonnier anadulidwa mutu atakana kusaina kugonja, ndipo akaidi ambiri anaphedwa. Gulu la anthu pafupifupi 5,700 linathawa wapansi kudutsa m'mapiri mpaka ku China. Ulamuliro wa zaka 80 unatha choncho, Avietnam akuonerera mabwana awo akuyendetsedwa mumsewu manja ali m'mwamba.

Apa ndi pamene pachokera nkhani yoti Japan anapereka ufulu. Pa 11 Malichi mfumu Bao Dai, atauzidwa ndi Ajapani, analengeza kuti mapangano onse ndi France atha. Mu Epulo anasankha katswiri wa maphunziro Tran Trong Kim kukhala nduna yaikulu. Boma limeneli silinali la zitsiru, ndipo ndi kulakwa kulitaya ngati chidole chabe. Linaika Chivietnam m'malo mwa Chifalansa m'masukulu ndi m'maofesi, linasintha mayina a misewu, linamasula akaidi ena andale, linakakamira mpaka Ajapani anabweza mizinda ya Hanoi, Haiphong ndi Da Nang, ndiponso Cochinchina nkhondo ili pafupi kutha. Koma linalibe unduna wa zankhondo, linalibe ndalama, linalibe sitima zonyamulira mpunga, ndipo aliyense ankadziwa kuti amene analiika pampando akugonja. Walira mvula walira matope. Dzina la Japan linawamatirira.

Atsogoleri achikomyunizimu anatulutsa malangizo awo pa 12 Malichi, patangopita masiku atatu. Mdani tsopano ndi Japan yekha, ndipo anthu athyole nkhokwe za mpunga kuti apulumuke. Ganizirani munthu amene waika m'manda theka la banja lake, ndiye kwabwera achinyamata ndi zikwanje ndi mikondo yansungwi, atsegula nkhokwe ya boma, agawa mpunga mtanga ndi mtanga, n'kunena kuti asaperekenso msonkho. Munthuyo sanafunse za Karl Marx. Kunena zoona, kuthyola nkhokweko sikunathetse njala, inatha ndi zokolola za Juni. Koma kunasonyeza amene akulimba mtima, ndipo kunaphunzitsa midzi kuchita zinthu pamodzi popanda kuopa nyakwawa kapena kalaliki wa boma. Apolisi achinsinsi achifalansa, omwe kwa zaka zambiri ankagwira achikomyunizimu mosavuta, anali m'ndende za Ajapani. Ajapani nawo ankangolondera mizinda, misewu ndi madoko. Kumidzi kunalibe woletsa. Pofika Juni, Viet Minh inali italengeza dera lomasulidwa la zigawo zisanu ndi chimodzi kumapiri a kumpoto, likulu lake pa mudzi wa Tan Trao.

Ndikhudzeko za America, chifukwa zimakokomezedwa. Viet Minh inapulumutsa woyendetsa ndege wa ku America amene anagwera kumapiri, ndipo Ho anapita ku Kunming n'kugwirizana ndi akazitape kuti aziwapatsa uthenga wa nyengo ndi kayendedwe ka Ajapani. Mu Julayi 1945 kagulu kakang'ono ka bungwe la akazitape a America la OSS, kotsogozedwa ndi Allison Thomas, kanatsika pa parachuti pafupi ndi Tan Trao n'kuphunzitsa anthu a Giap kwa masabata ochepa. Mfuti zimene anabweretsa sizinali zambiri. Phindu lenileni linali lakuti anthu anaona azungu a ku America ali limodzi ndi Viet Minh, n'kukhulupirira kuti mayiko opambana nkhondo ali kumbali yawo.

Japan atagonja pa 15 Ogasiti, zinthu zinathamanga kuposa malamulo ochokera ku Tan Trao. Pa 17 Ogasiti ogwira ntchito m'boma anaitanitsa msonkhano kutsogolo kwa nyumba ya zisudzo ku Hanoi wosonyeza kuti ali pambuyo pa boma la Tran Trong Kim. Anthu ochepa a Viet Minh anatsitsa mbendera yaikulu yofiira ya nyenyezi yachikasu kuchokera pakhonde lapamwamba, n'kulanda maikolofoni, ndipo msonkhanowo unasanduka wawo. Pa 19 Ogasiti khamu linalowa m'nyumba ya nthumwi ya mfumu, mu ofesi ya mzinda ndi m'kampu ya alonda a boma. Ajapani anatulutsa akasinja, koma atakambirana anawabweza. Analibenso chomenyera. Giap ndi asilikali ake nthawi imeneyo anali adakalimbana ndi Ajapani ku Thai Nguyen, ndipo anafika mzinda utatengedwa kale. Hue anatsatira pa 23 Ogasiti, Saigon pa 25. Kummwera mphamvu yaikulu inachokera ku gulu la achinyamata limene Ajapani okha analoleza, osadziwa kuti mtsogoleri wake, dokotala Pham Ngoc Thach, anali wachikomyunizimu. Pa 30 Ogasiti Bao Dai anapereka chidindo chagolide ndi lupanga lachifumu kwa nthumwi za boma latsopano pa chipata cha Ngo Mon. Chipani chimene chinatsogolera zonsezi chinali ndi mamembala pafupifupi 5,000.

Sikuti kunalibe magazi. Pham Quynh, yemwe kale anali nduna yaikulu ya mfumu, ndi Ngo Dinh Khoi, mkulu wake wa Ngo Dinh Diem amene anadzalamulira South Vietnam, anaphedwa m'masabata amenewo, chimodzimodzinso Ta Thu Thau, mtsogoleri wa gulu lina la achikomyunizimu lotsatira Trotsky, ndi ena ambiri amene ankaonedwa ngati opikisana nawo. Mabala amenewa anadzatuluka mafinya m'zaka za m'tsogolo.

Pa 2 Seputembala, tsiku lomwe Japan ankasaina kugonja pa sitima ya Missouri, Ho Chi Minh anakwera pansanja yamatabwa pabwalo la Ba Dinh atavala malaya a kaki. Anayamba ndi mawu a chikalata cha ufulu wa America cha 1776 onena kuti anthu onse analengedwa ofanana, n'kuwonjezapo a chikalata cha Afalansa eni ake cha ufulu wa munthu. Ali mkati mowerenga anaima n'kufunsa khamulo ngati likumva bwino, ndipo anthu anayankha pamodzi. Mfundo yake yaikulu inali yakuti Afalansa anagulitsa dzikolo kwa Japan kawiri m'zaka zisanu, choncho Avietnam alanda ufulu wawo m'manja mwa Japan, France alibenso chonena. Onani kuti iye mwini sanathokoze Japan ngakhale pang'ono.

Funso lanu lachiwiri yankho lake linali litalembedwa kale pa msonkhano wa ku Potsdam, ku Germany, mu Julayi, Avietnam palibe. Mayiko opambana anagwirizana kudula Indochina pa mzere wa 16 wa pamapu, chapafupi ndi Da Nang. Kumpoto Atchaina a Chiang Kai-shek ndiwo alande zida za Ajapani, kummwera Angerezi. De Gaulle anali atalengeza kale pa 24 Malichi kuti Indochina idzakhala chitaganya cha zigawo zisanu pansi pa France, kutanthauza kuti Vietnam akhalabe wodulidwa patatu. Pulezidenti wa America Franklin Roosevelt, yemwe sankafuna kuti France abwerere, anamwalira mu Epulo, ndipo boma la Harry Truman linkafuna France wamphamvu ku Ulaya. Makalata amene Ho analembera Truman sanayankhidwe.

Kummwera kunayamba kuipa. Mkulu wa asilikali a Angerezi Douglas Gracey anafika ku Saigon pa 13 Seputembala ndi asilikali achimwenye ndi Agurkha ochokera ku nkhondo ya ku Burma, komwenso asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ndi anzawo a ku Northern Rhodesia anamenyana ndi Ajapani. Gracey anakana kukambirana ndi komiti ya Avietnam, anatulutsa akaidi ankhondo achifalansa n'kuwapatsa mfuti, ndipo m'bandakucha wa 23 Seputembala iwo analanda maofesi a boma mumzindamo, akumenya anthu m'misewu. Avietnam anabwezera mwankhanza, anthu wamba achifalansa oposa 100 n'kuphedwa m'dera limodzi la mzindawo. Poona kuti asilikali ake ndi ochepa, Gracey analamula Ajapani omwe anabwera kudzawalanda zida kuti amenyane ndi Viet Minh. Mu Okutobala mkulu wa asilikali achifalansa Leclerc anafika ndi akasinja. Kwa anthu a kummwera, ufulu unatha masabata atatu.

Kumpoto kunalowa asilikali a China oposa 150,000 pansi pa Lu Han, anjala ndi ausiwa, akudya mpunga wa dera limene linali litangotuluka m'njala, ndiponso litangomizidwa ndi madzi pamene zipupa zadothi zotchinga Red River zinagumuka mu Ogasiti. Anakakamiza amalonda kulandira ndalama yawo yopanda mphamvu pa mtengo woika okha. Anabweranso ndi zipani za Avietnam zodana ndi chikomyunizimu. Koma chinthu chimodzi anachita, sanalole Afalansa kutenganso boma, ndipo izi zinapatsa Ho miyezi isanu ndi umodzi yopumira. Anaigwiritsa ntchito mwanzeru. M'thumba la boma anapezamo ndalama zongopitirira pang'ono mapiastre 1 miliyoni, zambiri zong'ambika, pakuti banki yaikulu inali idakalonderedwa ndi Ajapani. Anaitanitsa sabata yopereka golide, anthu n'kuvula mphete ndi ndolo, ndipo zinakwana makilogalamu 370. Anathetsa msonkho wa pamutu, anayambitsa sukulu za kwacha m'midzi, anapempha kuti banja lililonse lizisala chakudya kamodzi pa masiku khumi n'kusunga mpungawo wa anjala, ndipo malo alionse opanda kanthu anabzalapo mbatata ndi chimanga. Njala yachiwiri imene ambiri ankaiopa mu 1946 sinafike pa msinkhu wa yoyamba ija. Pofuna kutonthoza Atchaina, chipani cha chikomyunizimu chinalengeza mu Novembala kuti chadzithetsa, koma chinangolowa pansi. Pa chisankho cha 6 Januwale 1946 zipani zotsutsa zinapatsidwa mipando 70 popanda kupikisana.

Kenaka Atchaina anagulitsa malo awo. Pa 28 Febuluwale 1946 France anabweza madera amene ankalamulira m'mizinda ya China monga Shanghai, ndipo China anavomera kuchoka ku Tonkin. Ho anatsala ndi njira ziwiri, kumenyana ndi Leclerc nthawi yomweyo ndi asilikali osaphunzira, kapena kusaina. Pa 6 Malichi anasaina ndi nthumwi ya France, Jean Sainteny. France anavomereza Vietnam ngati dziko lomasuka lokhala ndi boma, nyumba ya malamulo, asilikali ndi chuma chakechake, koma mkati mwa mgwirizano wa France. Mawu akuti ufulu wodzilamulira munalibe. Asilikali 15,000 achifalansa analoledwa kulowa kumpoto, kuti azichoka pang'onopang'ono m'zaka zisanu, ndipo za Cochinchina anati anthu adzavota. Ambiri ku Hanoi anamunena kuti wagulitsa dziko. Iye anaona kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kuchotsa Atchaina kunali koyamba.

Panganolo linafera pa Cochinchina, komwe kunali minda ya labala, mpunga wogulitsa kunja ndi chuma chambiri cha Afalansa. Pa 1 Juni 1946, Ho ali paulendo wopita ku zokambirana ku France, nthumwi yaikulu Thierry d'Argenlieu analengeza kuti Cochinchina ndi dziko palokha, voti isanachitike. Zokambirana za ku Fontainebleau zinatha popanda chogwirika. M'miyezi imeneyi mbali zonse zinkanola mipeni. Giap anaphwanya zipani zotsutsa Atchaina atangochoka, n'kukulitsa gulu lake lankhondo, ndipo pano pali thandizo lenileni limene linachokera kwa Ajapani, ngakhale silinachokere ku boma lawo: asilikali mazana angapo anakana kubwerera kwawo n'kulowa Viet Minh, ena n'kukhala aphunzitsi pa sukulu ya asilikali ku Quang Ngai.

Mu Novembala mkangano wa kasitomu pa doko la Haiphong, woti ndani ali ndi mphamvu yogwira bwato lonyamula mafuta, unasanduka kuwomberana. Pa 23 Novembala Afalansa anaphulitsa madera a Avietnam mumzindawo ndi mizinga ya pamtunda ndi ya pa sitima. Chiwerengero chotchulidwa kawirikawiri ndi anthu 6,000, ngakhale ena amachitsitsa. Pa 19 Disembala 1946, cha m'ma 8 koloko usiku, ogwira ntchito pamalo opangira magetsi ku Hanoi anawononga makina, mzinda wonse n'kuchita mdima, ndipo kuwomberana kunayamba. Boma la Ho linabwerera kumapiri omwe aja a kumpoto. Linadzalowanso mu Hanoi mu Okutobala 1954, Afalansa atagonja pa nkhondo ya ku Dien Bien Phu pa 7 Meyi ndipo msonkhano wa ku Geneva utadulanso dzikolo pakati, ulendo uno pa mzere wa 17.